Mayi wa M'katoni ya Sopo

Loko atakana makiyi onse a m'nyumbamo, mchimwene wake wa Namwino anangotenga nyundo n'kumuphwanya. Chitseko cha kachipinda ka kuseri chinatseguka monyinyirika, ndipo choyamba kutuluka linali fungo: fumbi lakale, mikodzo ya makoswe ndi kafungo ka dothi lonyowa.

"Nkhuku zanga zikwana bwinobwino muno," anatero mchimweneyo akupima chipindacho ndi maso. "Tingotulutsa zinyalala za mdalayu basi."

Bambo awo anali atangoikidwa kumene, mipando yobwereka pamaliro inali isanabwezedwe n'komwe, koma iye anali atachipezera kale ntchito chipindacho. Namwino analowa m'mbuyo mwake. Dzinali anamupatsa ndi bambo akewo ali wamng'ono chifukwa chokonda kumanga agalu mabandeji, ndipo atakula n'kukhaladi namwino panalibenso womuitana dzina lina. Bambowo anthu ankawatcha a Fukulani. Moyo wawo wonse anagwira ntchito kunyumba yosungiramo zinthu zakale, ija ena amati myuziyamu. Ankakumba m'mapanga ndi m'mabwinja, kutola mapale, mikanda ndi zitsulo zadzimbiri, kenaka n'kumafotokozera ana asukulu mmene anthu ankakhalira kalekale. Kachipindaka sankalola munthu kulowamo.

Makatoni anali osanjikizana mpaka pawindo. Mchimweneyo anatsegula imodzi n'kuseka.

"Chemwali, bwera udzalandire chuma cha masiye. Miphika yosweka iyi, tigawana pakatimpakati."

Pakona, pamwamba pa katebulo, panali katoni ya sopo wochapira yomangidwa ndi chingwe. Mchimweneyo anadula chingwecho, n'kuchotsa nyuzipepala yomwe inali pamwamba. Kenaka anadumphira m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

"Mayo! Munthu!"

Namwino anasuzumira. Chigaza chofiirira ngati tiyi wopanda mkaka chinali chitamuyang'ana ndi maenje a maso, mano ali mbee. Pambali pake panali mafupa aatali, atagonekedwa mondondozana.

Mayi awo anafika akupukuta manja pansalu. Anayang'ana m'katonimo, kenaka khoma. Kuseri kwa khomalo n'kumene kunali bedi lawo.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi mutu wanga umagona pafupi ndi ichi?" Anatuluka msangamsanga, ndipo Namwino anawamva akulavula pakhonde, kulavula kosalekeza ngati ameza ntchentche. "Ndimamuchapira munthu zovala, ndimamuphikira, iye akuchokera kogwira mitembo m'nyumba mwanga momwe! Manja omwewo n'kudzapisa m'mbale!"

Namwino mitembo sankaiopa. Anali atatseka maso a anthu ambiri kuchipatala. Koma kumeneko wakufa amamusambitsa, amamufunditsa nsalu yoyera, abale ake amadzamutenga. Uyu anali m'katoni yolembedwa kuti thovu lambiri, pakati pa manyi a makoswe. Nseru inamukwera, ndipo inali nseru ya pa bambo ake omwe, amene anawalira mpaka mawu kusasa.

Mchimwene wake anatseka chitseko n'kutsitsa mawu.

"Aneba akangomva kuti muno muli mafupa a munthu, tatha. Mawa tikhala afiti, mkuja apolisi ali pakhomo. Tikaponye kudzala, tithire palafini, nkhani ithe."

"Ameneyu ndi munthu, achimwene."

"Anali munthu. Pano ndi vuto."

Asanagwirizane chochita, panja panaima galimoto. Anatsika a Dayirekitala, mkulu wa myuziyamu ija, amene pamaliro analankhula nthawi yaitali za maulendo awo a kunja, womwalirayo n'kungomutchula pomaliza. Perefyumu wawo analowa m'nyumba iwo asanalowe. M'mbuyo mwawo munali wojambula zithunzi, kamera ili pakhosi.

"Pepani ndi zovutazi, mayi," anatero akugwira dzanja la namfedwa ndi manja onse awiri, maso ali kukhonde la kuseri. Atapatsidwa mpando anakhosomola pang'ono. "Kaya mwina pokonza m'nyumba mwakumana naye Chemwali wathu?"

"Chemwali wanu uti?" anafunsa Namwino.

A Dayirekitala anamwetulira. Anafotokoza kuti mafupawo ndi a mayi wina amene anakhalako zaka mazanamazana zapitazo. A Fukulani ndiwo anamufukula ali anyamata, pomwe anthu ankalambula msewu. Mayiyo anakhala m'bokosi lagalasi kwa nthawi yaitali, ndipo ndiye ankakoka anthu. Ogwira ntchito anamutcha Chemwali. Atatsala pang'ono kupuma pantchito, a Fukulani anamutulutsa, amvekere akukamutsuka, osamubwezanso.

"Ndinawapirira chifukwa cha ukalamba. Koma chichokereni iye, ana asukulu akangolowa amafunsa kuti chigaza chili kuti, akamva kuti palibe amayamba kuyasamula. Mwana wa lero simungamugwire mtima ndi phale. Tsono taganiza zowalemekeza malemuwa. Chemwali abwerera m'galasi, pambali pake tiika chipewa chawo, jombo zawo, mandala awo. Ngati mano awo oikirira aja alipo, nawonso angathandize. Anthu amakonda zinthu zogwira mtima."

"Mano a bambo anga?"

"Ndi mbiri imeneyo, mwanawe."

Wojambula uja anali atayamba kale kujambula mpando wa malemu. Mchimweneyo nkhope inali itamasuka, vuto lapeza mwini wake.

"Tengani," anatero mayi aja. "Tengani zonse, lero lomwe. Ndikolope ndi mankhwala m'menemo."

"Bwanji osakamuika pomwe anamupeza?" anafunsa Namwino.

A Dayirekitala anaseka mpaka kugwira pamimba. "Pamenepo pano pali malo omwetsera galimoto mafuta. Tikamuike pansi pa pampu? Komanso malamulo ngomveka, zofukulidwa zonse n'za myuziyamu."

Namwino anawapempha kuti abwere mawa lake masana, ati mayi ayambe apuma. Chifukwa chenicheni sankachidziwa bwino. Ankangofuna kukaona kumene munthuyo akubwerera.

M'mawa mwake anapita kumyuziyamu. Anali asanapondeko chichokere ali pasukulu. Pakhomo anapeza mayi wogulitsa matikiti akudya chinangwa chokazinga, ndipo atamva kuti ndi mwana wa a Fukulani anamulowetsa ulere, akupukuta zala pabuku la alendo.

M'holo munkanunkha mileme. Denga linali ndi mabala a mvula. Koma timapepala tofotokoza zinthu tinali tolembedwa ndi dzanja lomwe iye ankalidziwa, zilembo zoimirira bwino ngati za pakhadi lake la tsiku lobadwa. Pansi pa phale lina bambo ake analemba kuti: taona apa, chala cha woumba chinatsalira padothi, yerekeza ndi chako. Namwino anapezeka atatambasula chala chake pagalasi.

Pakati pa holoyo panali bokosi lalitali lagalasi, lopanda kanthu koma mphemvu zakufa. Pagalasipo panali podetsedwa ndi manja ndi milomo, ndipo wina anamatapo chingamu.

"Nyumba ya Chemwali imeneyo," anatero wamatikiti uja, yemwe anamutsatira. "Iii, tinkasangalala naye! Anyamata a sekondale ankamufunsira. Akuluakulu ena ankabwera ndi zibwenzi zawo kudzajambulitsa akumupsompsona pagalasi. Bwerani mudzaone ichi, museka."

Anamutengera kukachipinda komwera tiyi. Pakhoma, pamwamba pa ketulo, panali chithunzi cha phwando la ogwira ntchito. Chigaza chija chinali patebulo pakati pa mabotolo, chitavekedwa magalasi akuda ndi wigi, ndudu ili pakati pa mano. Amene anachikumbatira, tayi ili paphewa, kukamwa kuli yasa, anali a Dayirekitala.

"Bambo anu sanabwere kuphwandoko, anali kokumba. Atabwerako n'kuona chithunzichi anangotembenuka n'kutuluka. Tinangoona apempha katoni kugolosale yapafupi apa. Anthu ena sadziwa nthabwala, pepani kunena malemu."

 Namwino anatulutsa foni, anajambula chithunzicho, n'kutuluka osatsanzika. 

Masana a Dayirekitala anafika ndi bokosi lapulasitiki, lija amasungiramo mafayilo. Namwino anawalandirira pakhonde, n'kuwaonetsa foni.

"Zakale izi," anatero iwo, kumwetulira kukuuma pang'onopang'ono. "Tinkangocheza."

"Ndiye atolankhani akachezanso nacho. Ndili ndi mnzanga kunyuzipepala, ndinamuthandiza pobereka mwana wake."

"Mukundiopseza pakhomo pa maliro?"

"Inu munabwera ndi kamera pakhomo pa maliro pomwepa."

Mchimwene wake anamukoka mkono. "Iwe, wapenga? Asiye atenge, chituluke muno!"

"Atenga, achimwene. Malamulo ndi awo. Koma m'galasi sabwereramo. Akamuike m'kabati yotseka, m'chipinda chosungira, ofufuza okha ndiwo azimuona. M'galasimo aikemo mapale ndi mikanda, makatoni ake ndi awo adzaza chipinda. Ndipo ndizibwera kudzaona."

"Nanga chipewa ndi jombo?" anafunsa a Dayirekitala ndi mawu ozizira.

"Jombo avala achimwenewa kukhola la nkhuku. Mano tinawaika nawo bambo, amadyera."

A Dayirekitala anapukuta khosi ndi mpango, anayang'ananso foniyo, n'kuvomera ndi mutu ngati munthu womeza mankhwala owawa. Namwino sanawakhulupirire kwenikweni. Ankadziwa kuti kabatiyo ikhoza kukhala yodontha, ndiponso kuti tsiku lina adzatopa n'kupitako. Koma pamenepo m'pamene mphamvu zake zinkathera.

Anavala magolovesi a kuntchito, anayala nsalu yoyera m'bokosi lapulasitiki lija, n'kuyamba kusamutsa mafupa limodzilimodzi. Mayi ake anaima pakhomo la kachipindako, mphuno ataitseka ndi nsalu, ndowa ya madzi a mankhwala ili pambali, kudikira kuti akolope. Mafupa anali opepuka, oyera bwino, opanda fumbi ngakhale pang'ono, pamene china chilichonse m'chipindamo chinali mbuu. Tizala tinali m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa kotsukidwa bwino.

Pomaliza ananyamula chigaza ndi manja awiri. Pansi pake panali kanthu kofewa.

Kanali kapilo, kakang'ono ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kosokedwa ndi nsalu ya mizere yobiriwira. Pakati pake panali polowa, pomwe mutu unkatsamira. Ulusi wake unali wakuda, msoko wokhotakhota, apa motalikirana apo mothinana, ndipo mbali imodzi inali itasomboka, thonje likutuluka.

Mayi aja anachotsa nsalu pamphuno.

"Shati yake ya ku ofesi iyi. Anandiuza kuti inapsa ndi simbi." Anayandikira, anakatenga kapiloko ndi nsonga za zala, n'kukatembenuza. "Taonani msoko wake. Munthu woti batani lokha ankandidikira ine."

Panja a Dayirekitala analiza hutala.

"Amayi, bweretsani ndiikemo, akudikira."

"Adikire."

Anapita kuchipinda kwawo, nabwerako ndi kachitini ka singano. Anakhala pampando wa amuna awo, pafupi ndi windo, analowetsa ulusi atatsinzina diso limodzi, n'kubwezera thonje lija mkati ndi chala. Msoko wokhota uja sanauphwasule. Anangoyambira pomwe unathera.