Kanapiye ka aChete

Apongozi ake aamuna a telala ankadziwika ndi dzina loti aChete. Anawapatsa dzinali ndi ana asukulu, poti pa zaka zonse zimene anagwira choko, mawu amene ankatuluka pakamwa pawo kawirikawiri anali amenewo. Atapuma pantchito anasamukira kwa mwana wawo, dalaivala wa basi yemwe anali mwamuna wa telalayo, ndipo analowa m'nyumbamo ndi lamulo lawo lomwelo. Wailesi inatsitsidwa. Zidzukulu zinaphunzira kuseka ndi mapewa okha. Ngakhale makina osokera a mpongozi wawo ankawayang'ana ngati mwana wosamva wa kumbuyo kwa kalasi.

Tsiku lina analengeza kuti ayamba kuweta zinziri.

"Nkhuku zilibe mwambo, n'zaphokoso," anatero. "Zinziri ndi mbalame yaulemu. Simudzadziwa n'komwe kuti ilipo."

"Chabwino, Bambo," anayankha telala, ulusi uli kukamwa.

Anabwereka kamakina kofungatira mazira n'kukaika m'chipinda chosokera, ati ndimo mofunda. Mwa mazira onse amene anaikamo linaswa limodzi lokha. Munatuluka kanthu kosaposa chala chachikulu, kamizeremizere kumsana. AChete anakaika m'katoni: utuchi pansi, babu pamwamba, madzi m'kachivindikiro ka botolo.

Mbalame yaulemu ija itangouma nthenga inatsegula kukamwa. Tsiyo! Tsiyo! Tsiyo! Osapumira. Telala anathedwa nzeru kuti mawu onsewo akusungidwa pati m'kathupi kotere. Azimayi obwera kudzasoketsa madiresi ankachita kufuula miyezo ya m'chiuno mwawo, odutsa pamsewu n'kumamva.

"Bambo, munanena zoona," anatero telala. "Sitikudziwa n'komwe kuti kalipo."

AChete anati ndi njala, naperapera chakudya. Kanadya, n'kupitiriza. Anati ndi kuzizira, natsitsa babu. Kanasendera pambali, n'kupitiriza. Mapeto ake anaimirira pamwamba pa katoni, manja kumbuyo, natulutsa liwu lija linkanjenjemeretsa anyamata andevu.

"Chete!"

Kanapiye kanawayang'ana ndi diso limodzi, n'kuwonjezera mawu.

Anakatola mwaukali kuti aone ngati kavulala penapake. Katangofika m'chikhatho, kanadzipanikiza pakati pa zala, kutsinzina, zii.

"Mwaona?" anatero aChete, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali woti awombe m'manja. "Mwambo umenewu. Kakudziwa wamkulu."

"Ndithu, Bambo. Ndiye musakatule pansi, kangaiwale maphunziro."

Anakabweza m'katoni, tsiyo! Anakatolanso, zii. Kuyambira pamenepo dzanja lamanja silinalinso lawo. Tiyi ankamwa ndi lamanzere. Nyuzipepala ankatembenuza ndi chibwano. Kenaka anabwera ndi malaya awo abwino aja n'kupempha kuti awasokere thumba lalikulu, mkati muikidwe nsalu yofewa. Telala anasoka. Wophunzira wabwinoyo anali asanafike pa phunziro la chimbudzi, choncho malaya omwewo ankawachapanso ndi telala yemweyo.

Kakatsitsidwa pansi kankathamangira masilipasi a aChete kulikonse kumene alowera, ndipo banja lonse linalamulidwa kuyenda mokhwekhwereza mapazi. Akalowa m'bafa, kanapiye kankaima pakhomo n'kumalira ngati kaferedwa, iwo n'kumayankha ali thovu lokhalokha: "Ndikubwera, ndikubwera!" Kumsonkhano wa aphunzitsi opuma anasiya kupita.

"Pa ana onse amene ndinaphunzitsa," ankauza makasitomala osawafunsa, "palibe amene ananditsatirapo chonchi."

Apa telala ankangoponda makina mwamphamvu. Ankadziwa amuna akuluakulu amene mpaka lero amakhota njira akawaonera patali.

Mwamuna wake atabwera kuchokera kuulendo, telala anamukokera kukhitchini.

"Bambo a ana, kanthu kaja sikakudwala, sikali ndi njala. Kakusowa anzake. Kaya mubweretse anapiye ena, kaya ine ndikasokere pansi pa mtengo. Sankhani."

Dalaivala sanafune milandu. M'mawa mwake anatulukira ndi kabokosi koboolaboola, muli anapiye a zinziri amsinkhu womwewo ochokera kwa mlimi wina.

"Anapiye a m'chigulu," anadandaula aChete. "Osaleredwa. Sitikudziwa n'komwe makolo awo."

Komabe anawathira m'katoni. Kawo kaja kanayamba kaima pakona, khosi tototo, ngati mwana wa bwana pa sukulu yaboma. Dzuwa lisanapendeke kanali katalowa pakati pa mulu, mutu pamsana pa mnzake. M'katoni munkangomveka timawu tapansipansi. Telala anamva makina ake akulira bwinobwino, mpaka anaima kaye kuti amvetsere.

Poyamba kankabwerabe aChete akatambasula dzanja, kujompha chala pang'ono n'kubwerera. Nthenga za m'mapiko zitayamba kumera, anzake akabalalika nako kankabalalika. Tsiku lina anayesa kukagwira, kanangoti pheru m'mwamba, kugunda babu, n'kukabisala kumbuyo kwa enawo.

"Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola," anatero aChete. "Akawononga. Mwana wabwinobwino."

Anakokera mpando pafupi ndi katoni. Masana onse ankaimba likhweru, kugogoda pakatoni, kuitana ndi mawu opyapyala amene mkazi wawo malemu mwina sanawamvepo. Anapiye ankangodya. Telala anawamvera chisoni ndithu, moti anawaikira shuga wowonjezera mu tiyi, ndipo anauza ana kuti aliyense woseka agogo akaseke kuseri.

Chisonicho chinatha tsiku limene aChete analowa m'chipinda chosokera atakumbatiranso kamakina kofungatira kaja, m'thumba lalikulu lija muli dzira.

"Ulendo uno limodzi lokha," anatero. "Ndikalera ndekha, kopanda magulu oipa. Ndilumikize pati?"

"Pepani, Bambo, soketi ya muno inapsa."

AChete anayang'ana kukhoma, pamene chingwe cha simbi chinali cholumikizidwa, kagetsi kake kakuyaka. Telala ananyamula simbiyo, nayamba kusita kolala.