Kalata Yotseka Siginala

Nkhaniyi anayamba kundiuza ndi a Kinsley, ogulitsa manachesi pamalire a Mwanza, tsiku lina nditasowa galimoto.

Laston Chimkwita anakwatira ku Thambani, koma ntchito ankagwira kuchigwa cha Shire, m'kanyumba ka siginala, kukwezera ndi kutsitsira sitima chikwangwani. Anayamba alipo anayi. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji, mabwana anayamba kutseka tinyumbato kamodzikamodzi. Anayi aja anasanduka awiri, kenako Laston yekha. Lamulo linali limodzi: suchoka mnzako asanakulandire.

Mu Juni 1984 telegalamu inafika yoti mkazi wake Deliwe wamwalira. Laston anaimba foni kupempha womulandira, foni inangoti zii. Anadikira masiku asanu ndi anayi, akupukuta nyali, sitima osabwera ngakhale imodzi, mpaka munthu wa panjinga anamubweretsera kalata yoti kanyumbako katsekedwa.

Anafika ku Thambani maliro ataikidwa kale, maluwa atafota. Mlamu wake Petro, mchimwene wa malemuyo, anamuimitsa pakhomo chikwama chili m'manja. Ana awiri a Laston ankasuzumira kuseri kwa nkhokwe, ndipo Laston anadziwa kuti akalankhula molakwika pamudzipo sakhalanso, anawo sawaonanso.

"Afika a bwana a sitima!" anatero Petro. "Mwabwera kudzaika yani? Alipo wina wamwalira?"

"Alamu, ndinalibe wondilandira."

"Ife manda tinakumba opanda wotilandira."

"Ndikanachoka, sitima n'kuwombana, mukanati chiyani?"

"Zinadutsa zingati?"

Laston anatulutsa kalata ija. "Umboni ndi uwu. Tsiku lomwe ndinailandira, ndinanyamuka."

Petro anagwirapo ukalaliki pamalire, Chingerezi ankachimva. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere, n'kuseka kuseka koipa.

"Bwerani mumve, anthuni! Akuti kanyumbako katsekedwa kuyambira pa 1 Juni. Mlongo wanga wamwalira pa 12. Munthuyu amalondera chiyani? Ntchito inali itatha kale!"

"Sindinaone tsikulo, alamu. Inachedwa m'njira."

"Inunso munachedwa m'njira. Muzipita limodzi."

Anamuponyera kalatayo pamapazi. Laston anapempha kuti angomulozera manda. Azimayi amene anali pakhonde anatembenukira kukhoma, wina n'kukokera ana aja m'nyumba.

"Manda ali ndi eni ake," anatero Petro. "Dikirani wokulandirani."

Laston anatola kalata yake, n'kuisasa fumbi, n'kulowera msewu wa ku Boma dzuwa lili pamutu. Ku Thambani sanapondekonso.

A Kinsley amalumbira kuti zinachitika ndithu. Za kuthamangitsidwako ndikuvomera, ndaziona m'midzi yambiri. Koma zoti munthu wa panjanji angalandire kalata yomuchotsa ntchito osayang'ana tsiku, n'kukaipereka yekha kwa mlamu wokwiya, ine ndikukayika.