Mbewu za Mpiru za Mayi Clotilda

Linali tsiku lachinayi Otilia asanadye kanthu kokhazikika m'mimba. Anali ndi pakati pa miyezi itatu, ndipo mwana wam'mimbayo anasankha kudana ndi fungo la nsomba. Kudana ndi nsomba ku Makhanga, pakhomo pa asodzi! Kwa apongozi ake, mayi Clotilda, chilichonse chinkanunkha mlamba: miphika, mbale, zitenje, ngakhale mphaka amene.

Mayi Clotilda anayesa zonse. Nkhwani, Otilia anabweza. Phala, anabwezanso. Ndiye mayi ake a Otilia anatumiza mawu kuchokera ku Chiromo kuti Loweruka abwera kudzatenga mwana wawo asanaume ndi njala. Mawuwo anawapweteka mayi Clotilda. Mtsikanayo ankamukonda zenizeni, komanso mwana wawo Golden, popita kuntchito ku Nchalo, anasiya mkazi wakeyo m'manja mwawo.

Lachisanu masana amuna a mayi Clotilda, a Sebastiano, anaika pansi ukonde umene ankasoka.

"Mayi a Golden, tandipatsani chiwaya chija. Ndiphike."

Mayi Clotilda anaseka mpaka kutsokomola. Bambowa anakhala khukhi zaka khumi ndi zisanu kwa amwenye ena ku Limbe, koma pakhomo pawo sanawiritsepo ngakhale madzi a tiyi. Ankati manja awo anapuma pantchito.

A Sebastiano anakwecha chiwayacho kawiri ndi phulusa ndi ndimu. Anathyola therere kuseri kwa nyumba, kulitsuka, kulipukuta limodzilimodzi ndi kansalu ngati akupukuta makanda, kenaka n'kulidula. Mayi Clotilda anabwera ndi soda.

"Chotsani zimenezo," anatero a Sebastiano. "Madzinso ayi."

"Therere lopanda soda? Amwenye anuwo ankakupusitsani."

Kuseka kunatha pamene mayi Clotilda anaona amuna awo akutsitsa kabotolo kutsindwi. Munali mbewu zawo za mpiru. Madzi atasefukira mu Febuluwale, mayi Clotilda anasiya mbale ndi mabulangete, koma kabotoloko anakamangirira mumpango kumutu mpaka kukafika kumtunda. Tsopano ankangodikira kuti m'dimba muphwe, afese.

"Baba inu! Imeneyo ndi mbewu, si ndiwo!"

"Kasupuni kamodzi basi."

Mbewuzo zitagwera m'mafuta otentha zinayamba kuthetheka, zina kudumphira kunja kwa chiwaya. Mayi Clotilda anagwira kukamwa, akuona mzere wathunthu wa mpiru ukupsa iwo ali pomwepo. A Sebastiano anathira anyezi, adyo, tsabola mmodzi ndi chikasu chosinja, kenaka therere lija. Anatembenuza mwaulemu, osavundikira. Mchere anathira pomaliza penipeni, n'kufinyira ndimu. Munthu wopita kumjigo, pobwerako akanapeza zapsa kale.

Fungo lake linali lachilendo, lowawasa pang'ono, lopanda msuweni aliyense wa nsomba. Chitseko chinalira. Otilia anasuzumira, atagwira felemu.

"Amayi, mukuphika chiyani?"

A Sebastiano anabwerera msanga ku ukonde wawo n'kukhala chofulatira, pakuti mtsikana sangadye momasuka apongozi aamuna akumuyang'ana. Mayi Clotilda anapakula thererelo pambali pa mpunga, n'kukhala pansi akupemphera chamumtima. Otilia analawa kamodzi, anadikira. Analawanso. Posakhalitsa anali akupukuta mbale ndi chala.

"Silikunanda ayi. Mphyadidi, n'lokoma zedi, amayi! Lilipo lina?"

Misozi inalengeza m'maso mwa mayi Clotilda, yachimwemwe chokhachokha. Anakokota kotsalira m'chiwaya n'kulawa, ndipo pomwepo chimwemwecho chinasakanikirana ndi mkwiyo. Anapita kukaima pamaso pa amuna awo, manja ali m'chiuno.

"Zaka makumi atatu, bambo a Golden! Ine kumakudyetsani therere la soda, inu muli phee ndi zimenezi m'mutu?"

"Simunafunse," anatero a Sebastiano, maso ali pa ukonde, koma masharubu akugwedezeka ndi kuseka.

Mayi Clotilda analowa m'nyumba. Potuluka anali ndi kabotolo kaja, ndipo anakaika pamwamba pa ukondewo.

"Phikani lina. Mawanso mulawirire, a ku Chiromo adzapeze mwana akutafuna."

A Sebastiano anakagwedeza kabotoloko pafupi ndi khutu. "Zimenezi sizifika mwezi wamawa. Nanga m'dimba mudzafesa chiyani?"

"Dimba lidikire," anatero mayi Clotilda, akukankhira nkhuni pamoto. "Mdzukulu wanga sali m'dimba."