Makina a pa Doko Atalirira a Pyo

Makina a chitetezo analira lole ya a Pyo Man-seok ikungolowa pachipata cha doko la Busan. Nyali zofiira zinali phethiphethi, chitsulo chotchinga njira n'kugwa kutsogolo kwawo.

Makinawo anawaika kuti azinunkhiza zipangizo zopangira mabomba a nyukiliya, zisamadutse mobisa. A Pyo akhala akudutsapo zaka zambirimbiri, makinawo ali duu. Lero bwanji?

"Tsikani, bambo," anatero Eom, mtsikana wa kasitomu. "Mwanyamula chiyani?"

"Akuti zitsulo za makina ochapira."

"Akuti?"

"Mwana wanga, ine ndimangokoka. Kontena amatseka ndi eni ake."

Mantha anawagwira a Pyo zenizeni. M'maganizo anali ataona kale ndende, lole italandidwa, nkhope yawo ili pa TV ati kazitape wa dziko la adani la kumpoto. Anzawo a pamzere, anthu opanda chisoni, anayamba kukuwa.

"Man-seok, bombalo utigawireko!"

Eom anazungulira kontena ndi kachipangizo kam'manja. Zii. Anasuzumira kunsi kwa lole. Zii. Pobwerera kuti adzawauze, kachipangizo kaja kanayamba kulira pachifuwa pawo penipeni. Atabwerera m'mbuyo kanaleka, atasendera kanayambiranso.

"Katundu alibe mlandu, bambo. Nkhani ili pa inu. Mwapitako kuchipatala masiku ano?"

"Ine? Ayi."

Bodza lamkunkhuniza! Dzulo lake lomweli anatsanzika akazi awo kuti akukakwera phiri ndi anzawo, koma anakhotera kuchipatala, komwe anawabaya mankhwala ojambulira mtima. Mankhwalawo amakhala ndi mphamvu ya nyukiliya pang'ono, ndipo ndi amene ankaliza makina. Koma mwamuna wa ku Busan, wamakani ngati a Pyo, bola kumangidwa kusiyana n'kuvomera kuti pachifuwa pakupweteka.

"Mukakana ndiitana asilikali," anatero Eom. "Chipata chino chitsekedwa, anthu onsewa agona pano."

A Pyo anayang'ana mzere wa malole, kenako anavomera chapansipansi.

Eom anaimbira kuchipatala kuja. Kumeneko anati za wodwala sanena popanda womuyang'anira amene analembetsedwa. Ndipo womuyang'anirayo akanakhalanso ndani, ngati si mayi Sun-rye, akazi awo? Apa a Pyo anachita manyazi kuposa mantha aja.

Mayiwo anafika pa takisi kuchokera kumsika kumene amagulitsa nsomba, atavalabe majombo, mamba ali mbuu m'manja. Analankhula ndi achipatala pafoni, Eom n'kumva zonse, n'kuuza a Pyo kuti ndi omasuka.

"Bambo a Hye-rin, ndiye phiri lanu lija ndi limeneli?" anafunsa mayiwo.

Khofi la pamsana linamveka mpaka kumalole, madalaivala n'kuwomba m'manja. A Pyo anaweramitsa mutu kudikira lachiwiri. Silinabwere. Mayiwo anali atawagwira malaya, akulira.

"Chiyambire dzinja mumaima pamasitepe n'kumanamizira kumanga zingwe za nsapato. Mumayesa ndilibe maso? Ine tulo sindimagona, kuopa kuti mudzagwera pamsewu musanaonane ndi dokotala. Ndiye munapitadi? Nokha?"

"Ndinapita."

"Mwachita bwino, nkhalamba yopusa inu. Zotsatira akuti liti?"

"Lachisanu."

"Tikamvera limodzi."

Mtima wa a Pyo unakhala pansi, koyamba m'miyezi yonseyi. Chitsulo chija chinanyamuka. Mayi Sun-rye anakwera m'lole n'kukhala pampando wa pambali, majombo, mamba ndi zonse, ndipo a Pyo sanadandaule za fungo.