Mboni ya Kuseri kwa Khutu

Bawuti yomaliza inakana kumasuka. Mwana wamwamuna anagwada pansi pa mpando wometera, sipanala m'manja, akutukwana dzimbiri chapansipansi. Mlongo wake ankalongedza zipeso ndi masizasi m'katoni. Mayi Lumo anakhala pabenchi la odikira, manja pamiyendo, akuyang'ana tsitsi limene linatsalira m'ming'alu ya simenti.

Chiikireni amuna awo m'manda sabata yapitayo, misozi inali isanatuluke. Kumaliro anthu ananong'onezana kuti mayiyu mtima wake ndi mwala. Iwo anamva, koma sizinawalase pena paliponse. Ankadya akapatsidwa, ankayankha akafunsidwa. M'kati munangoti zii, ngati nyumba imene eni ake asamuka.

A Lumo, monga tauni yonse inkawatchulira, anameta anthu m'kachipinda kameneka mpaka tsiku limene anagwa, thawulo lili paphewa. Tsopano ana anali atagwirizana zotseka.

"Wogulitsa mafoni uja akuti alowa muno mwezi ukatha," anatero wamwamunayo, maso ali pabawuti.

"Ine chipinda cha Amayi ndakonza kale kwathu," anayankha mlongo wake. "Akapume. Akula awa."

Ankawanena ngati kabati yofuna galimoto.

"Ndikakafika ndizikatani?" anafunsa Mayi Lumo.

"Muzikapuma basi, Amayi."

"Ndikatha kupumako?"

Mumsewu munadutsa galimoto ya kampeni, chimkuzamawu chikung'amba makutu. Chisankho cha pulezidenti chinali pafupi, ndipo pamtengo uliwonse wamagetsi panali nkhope ya mkulu mmodzi amene anayamba kupikisana nawo ana awiriwa akadali pamsana. Zaka zake zinali zitadutsa makumi asanu ndi atatu, koma pachithunzi tsitsi linali bii ngati polishi wa nsapato. Pamsonkhano uliwonse ankayamba ndi mawu akuti "Sindinatope," mpaka anthu anaiwala dzina lake n'kumangomutchula choncho.

Kunamveka kugogoda pachitseko chakumbuyo, chija cha kokataya madzi. Mwana wamkazi atatsegula, analowa munthu wachipewa chofika m'maso, ndodo patsogolo, dalaivala atamugwira chigongono. Atavula chipewa, sipanala inagwa pansi.

Anali a Sindinatope. Koma mutu sunali wa pachithunzi uja. Kumizu tsitsi linali mbuu, kunsonga kokha ndi kumene kunatsala kuda.

"Pepani ndi zimene zaonekazi, mayi," anatero akupuma movutika. "Kumaliro sindinabwere. Ndikanabwera, anyuzi akanafunsa kuti wometayu ndimamudziwa bwanji."

"Zikomo, bwana."

"Mawa ndili pakanema ndi anyamata aja akuti ndakalamba. Ndipite ndi mutu uwu?"

Mwana wamwamuna anadzuka, akupukuta manja pabuluku. "Pepani bwana, bambo aja ndi amene amadziwa zimenezi. Pano tikutseka."

"Bambo ako manja anayamba kunjenjemera kalekale," anatero mkuluyo. "Ankandiuza kuti nditsinzine, mankhwala angalowe m'maso. Ine n'kutsinzina. Kenako ndimve timanja tina tozizira, tonunkhira anyezi, iwo ali pambali kundichezetsa za mpira. Kutsinzina si kufa, mwanawe."

Ana anatembenukira mayi awo. Mayi Lumo sanachite manyazi, sananyadenso. Anangodzuka n'kuvundukula katoni ija.

"Bwezera mabawuti," anauza mwana wawo. "Ufuna agwe?"

Mwanayo anagwadanso, nthawi ino mwachangu ngati walembedwa ganyu.

Mayi Lumo anasakaniza dayi wodetsera tsitsi m'kambale kong'aluka mlomo, anamangirira mkuluyo nsalu m'khosi, natenga mswachi wakale. Manja anagwira okha ntchito. Kuyambira pachipumi, kugawa ndi chipeso, kupaka kumizu, kugawanso. Khungu la pamutu linali lopyapyala, lamadontho, ndipo khosi linkagwedera pang'ono pansi pa zala zawo. Munthu wofuna kusenza dziko lonse, mutu wake womwe unkamulemera. Asanafike pakati, anali atayamba kuwodzera.

Atafika kuseri kwa khutu lamanzere, anazungulira ndi mswachi n'kusiya kamalo kakang'ono ngati chala chachikulu.

"Amayi, mwaiwala apa," ananong'ona mwana wamkazi.

"Asiye." Anali mkulu uja, maso ali chitsinzinire. "Imeneyo ndi mboni."

"Mboni ya chiyani, bwana?"

"Funsa mayi ako."

Mayi Lumo anapukuta dontho limene linkatsikira m'khosi. "Bambo ako sankadetsa mutu wonse. Aliyense ankamusiyira imvi pang'ono apa, poti mwini wake saonapo. Ankati mutu unamize anthu a mumsewu, koma amene adzakusambitse tsiku lomaliza adzaone kuti unakhalitsa."

"Ndinawaopseza kuti ndiwatsekera malo ano," anatero a Sindinatope. "Iwo akuti, tsekani bwana, koma muwine kaye." Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako kuseka kunatha. "Anali mwana kwa ine, mukudziwa? Ine ndimayenera kutsogola."

Podikira kuti mankhwala agwire, mkuluyo anagoneratu, kukamwa kuli yasa. Dalaivala anatuluka kukayang'ana galimoto.

"Mwaona mmene mwatopera?" anatero mwana wamkazi motsitsa mawu. "Miyendo yatupa iyo. Mudzagwa muno nokha ngati bambo. Kodi mufuna tidzakutoleninso pansi pomwepa?"

Sankanama mwanayo, ndipo ankanena chifukwa cha mantha. Mayi Lumo anadziwa. Anayang'ana mkulu wogonayo, malovu akutsikira pansalu.

"Awa akupempha dziko lonse," anatero. "Ine ndikupempha mpando umodzi."

"Amayi, anthu sabwera kudzametedwa ndi mayi wachikulire," anatero wamwamuna.

"Akhala akubwera. Samadziwa chabe."

Anadzutsa mkuluyo, anamutsuka m'beseni, anamupukuta. Iye anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, anakweza chibwano, mapewa n'kuwongoka. Pofika pakhomo ndodo anali atapatsira dalaivala.

"Pakatha milungu iwiri ndibweranso, ndiwine ndisawine," anatero. "Ndipeza potseguka?"

Mayi Lumo anayang'ana ana awo. Ana anayang'ana pansi. Chitseko chinatsekeka funso lili m'malere.

Anatsala atatu. Kunkatentha, ndipo fungo la dayi linadzaza chipinda. Mayi Lumo anamasula mpango umene anaumanga chiyambireni maliro, nakhala pampando wometera kuti miyendo ipumeko. Tsitsi lawo linali lakuda. Limenelo a Lumo sankalola wina kuligwira. Ngakhale manja atayamba kuvuta, ankawapaka okha akatseka malo, dayi akudonthera m'makutu ndi pabulauzi, mayi akudandaula. Ndipo anagwirizana kalekale, imvi yoyamba itangooneka, mayi atanena kuti: ine za mboni zanuzo ayi, mudetse ponse. A Lumo analumbira atakweza mswachi m'mwamba.

Mwana wamkazi anaima kumbuyo kwawo kuti awapese. Chipeso chinaima.

"Amayi."

"N'chiyani?"

Mwanayo anafufuza m'katoni, natulutsa kagalasi kam'manja koonetsera makasitomala kunkhongo. Anapinda khutu lamanzere la mayi ake ndi chala, nakweza kagalasiko.

Kamalo kosadetsa kanali pomwepo, koyera mbee. Sikanali kolakwitsa kwa munthu wonjenjemera. M'mbali mwake munali mozungulira bwinobwino, mosamala, kuposa mboni zonse zimene a Lumo anasiyirapo anthu. Tsitsi lake linali lalitali mofanana ndi linzake, loyera kuyambira kumizu mpaka kunsonga. Dayi sanafikepo n'kamodzi komwe.

Zaka zonsezi ankapita nako kumsika, kuukwati wa ana, osadziwa. Zaka zonsezi bamboyo ankagona kumanzere kwawo, nkhope ili pakhutu limenelo.

"Wabodza," anatero Mayi Lumo. Mawu anatuluka osweka. "Bambo anu anali wabodza."

Apa ndi pamene chinawapweteka, koyamba chimwalirireni amuna awo. Anawasowa bamboyo. A Lumo ankayembekeza kuti ndi iwo adzasambitse mkazi wawo, adzapinde khutu limeneli, adzaone. Koma anatsogola.

Mwana wamwamuna anayang'ana mayi ake pagalasi kanthawi. Kenako anatola sipanala, anagwada, n'kuyamba kulimbitsa mabawuti onse mwamphamvu, mayi ake ali pampando pomwepo.

"Ndibweretse dayi ndipakepo?" anafunsa mwana wamkazi, akupukuta m'maso ndi dzanja.

Mayi Lumo anaphimba kamaloko ndi zala ziwiri.

"Pasiye," anatero. "Tulutsa zipeso m'katonimo."