Phulusa la Bambo ndi Kochi Watsopano

Ndinafika ku Ashtabula mdima utagwa kale. Januwale ndi wotero, dzuwa limalowa anthu asanaweruke. Tauniyi ndinali ndisanaipondepo. Ntchito yanga yokonza makina a m'zipatala yandigoneka m'matauni ambiri, koma kuno ayi. Foni inati ndafika. Ndinali pakhomo pa sitolo ya matayala, yotseka. Ndinazungulira, chipale chofewa cha chisanu chikulira kunsi kwa galimoto, mpaka ndinaiona nyumbayo. Yosanja, ya njerwa, yokhala okalamba okhaokha. A Rudy, mng'ono wawo wa bambo anga, anasamukira mmenemo akazi awo atamwalira.

Ndinadzera chinthu chimodzi. Phulusa la bambo.

Nkhani yake ndi yopusa. Bambo ali gone m'chipatala, timu yathu ya mpira uja wothamanga nawo m'manja inachotsa kochi. Anaonera pa TV ya pamwamba pa bedi, timapaipi tili m'mphuno. Anati, "Musandiike m'manda mpaka anthu amenewa atalemba kochi wanzeru. Ndikufuna ndidzamuone." Tonse tinaseka. Nesi anaseka. A Rudy sanaseke. Mtembo utawotchedwa, Misa itatha, anabwereka kabokosi ka phulusa kuti akaonere nako mpira wa Lamulungu. Sanabweze. Makochi anayi alowa ndi kutuluka chichokereni tsiku limenelo.

Tsopano mayi agulitsa nyumba. Akupita ku Arizona kwa mkulu wanga, kumene akuti mawondo sawawa. Akufuna asiye amuna awo m'manda a parishi asananyamuke. Wansembe anavomera Loweruka. Mayi anandiimbira ndili ku Kentucky.

"Paulette, iwe ndiwe wa mumsewu. Kawatenge bambo ako. Ndikapita ine, ndikamenya munthu."

Ndinagogoda. A Rudy anatsegula atavala jezi ya timu, yakale, nambala itafufutika.

"Polly! Wanenepa."

"Inunso mwafupika, ankolo."

"Lowa msanga. Ndikutenthetsa chipinda, osati khonde."

Chipinda chaching'ono. Fungo la kabichi ndi mankhwala opaka. Mipando iwiri yoyang'ana TV. Pa umodzi panali kabokosi kaja, atakaveka chipewa cha ubweya.

"Bambo ako wawalonjera?"

"Muli bwanji, bambo," ndinatero.

"Sali bwino. Wamva kochi amene amulemba?"

Ndinali nditamva. Tanner Vossberg, mnyamata wocheperapo kwa ine. Ndinaima pomwetsera mafuta ndi kuwerenga zonse zokhudza iye pafoni. Nzeru yanga inali imodzi. A Rudy avomereze ndi pakamwa pawo kuti uyu ndiye, ine ndinyamule kabokosi, tisakangane.

Anandipakulira kabichi wokazinga ndi soseji. Ndinakhala pa kampando ka kukhitchini, popeza mipando yabwino inali ndi eni ake.

"Akuti ndi katswiri," ndinayamba. "Kumene akuchokera, ndiye amakonza njira zonse zomwetsera zigoli."

"Katswiri! Ndevu sizinamere n'komwe. Ukudziwa chomwe amulembera? Ankanyamulira khofi kochi wina amene anatenga chikho. Basi. Anthu awa amaganiza kuti nzeru ndi chimfine. Ukakhala pafupi ndi mwini wake utengera."

"Koma timu yawo inali yoyamba pa zigoli."

"Ndi woponya mpira amene ali nayeyo, ngakhale ine ndingaoneke pulofesa. Ife tili ndi ndani? Kamnyamata koponyera adani ngati kakugawa mphatso za Khirisimasi. Idya, kabichi akuzizira."

Ndinadya. Msana unkandiwawa ndi ulendo.

"Chabwino, ndi wamng'ono. Nanga Delahanty anali wamkulu, munamukananso."

"Delahanty!" Anaika foloko pansi. "Anali atachotsedwa kale kawiri kwina. Galimoto yoti eni ake awiri ayitaya, iwe n'kukaigula ndi ng'oma ndi nthungululu. Ankagona ali chiimire m'mbali mwa bwalo. Ndinamuona ndi maso angawa. Bambo ako anamuonanso."

"Rankin?"

"Wa ku koleji uja? Amuna akuluakulu, a ana atatu kunyumba, iye kumawaimbitsa nyimbo m'basi. Anamupirira sizoni imodzi."

"Stroud ndiye munkamukonda poyamba."

"Ndani? Ine? Usandinamizire pamaso pa akufa. Stroud anali wamantha. Kwatsala phazi limodzi kuti tipite patsogolo, mwayi womaliza, bwalo lonse likukuwa kuti pitani, iye n'kutumiza womenya mpira kuti awapatse adani. Phazi limodzi, Polly! Ine ndi ndodo yangayi ndikanafika."

Wachinayi sindinamutchule. Okoniewski sankadziwa kuwerenga wotchi ya masewero. Ngakhale ine ndinamutukwana ndili ndekha m'hotela ku Tulsa.

"Ukuona mmene amachitira?" anapitiriza. "Akachotsa wankhanza, alemba wosekerera. Akachotsa wosekerera, alemba wankhanza. Wa zotchinga akalephera, akuti tikufuna wa zigoli. Mwini timuyo ali ngati munthu wotentha thupi. Funda bulangeti, vundukula bulangeti. Matenda ali pomwepo."

Anatsegula TV. Ankabwereza msonkhano wa atolankhani wa masana. Vossberg anakhala pakati pa mabwana awiri, chipewa chatsopano pamutu, tayi ikumukanyanga pakhosi. Kutsogolo kwake anaika chisoti cholimba cha osewera, chonyezimira.

"Tamvera," anatero a Rudy. "Ayamba ndi kuthokoza mkazi wake."

Anathokoza mkazi wake.

"Tsopano: mzinda uno ndi wa anthu olimbikira ntchito."

"Mzinda uno," anatero Vossberg, "ndi wa anthu olimbikira ntchito."

"Tisintha kaganizidwe."

"Choyamba, tisintha kaganizidwe m'nyumba muno."

Ndinaseka. Sindinafune, koma ndinaseka mpaka kutsamwa. A Rudy anasisita kabokosi ngati akugwira phewa la munthu.

"Wamva, Milan? Pepala lomwe lija. Amangosintha mutu wovala chipewa."

Foni yanga inalira. Mayi.

"Wafika? Wawatenga?"

"Tikukambirana."

"Mukukambirana chiyani? Mpatse foni mlamu wangayo."

A Rudy anakupiza dzanja. "Uwauze ndatuluka."

"Ndakumva, Rudy!" mayi anakuwa, mawu akutuluka m'foni ngati mavu. "Nkhalamba yopanda manyazi!"

"Alamu, nthaka yauma gwa ndi chisanu. Akumba ndi chiyani? Dikirani Meyi."

"Ali ndi makina! Meyi unanena chaka chatha. Ndi chaka chinacho."

"Chaka chinacho anali Rankin. Mukanafuna mwamuna wanu aikidwe pansi pa Rankin?"

Mayi anadula foni.

Pa TV atolankhani ankafunsabe, mnyamata uja akuyankha mwaulemu, thukuta pamphumi. Ndinamumvera chisoni pang'ono. Ndinadzimveranso chisoni. Lolemba ndinkafunika ku Indiana, makina otsuka magazi akundidikira. Ndinatopa ndi kunama.

"Chabwino, ankolo. Uyu si wanzeru. Ndavomera."

"Eya. Magazi a bambo ako ayankhula."

"Ndiye wanzeruyo ndani? Tchulani dzina."

"Alipo ambiri."

"Limodzi lokha."

Anatchula munthu wina. Ndinawakumbutsa kuti ameneyo anamwalira ndili kusekondale. Anatchula wachiwiri. Ali ndi timu yake, ndi zikho zake, sangasunthe.

"Nanga mwini timu atamupatsa chilichonse chomwe akufuna?"

"Sangabwere."

"Chifukwa?"

"Iwe, uli ndi mutu? Munthu wanzeru angavomere ntchito imeneyi? Mwini timu wolowerera chilichonse, woponya mpira wakhungu, atolankhani anjala. Wanzeru akangoona nambala yathu pafoni, amaizimitsa. Amene wavomera, pompo wadziulula kuti ndi chitsiru."

Anamaliza akumwetulira, ngati wagoletsa. Kenako kumwetulirako kunazilala pang'onopang'ono. Anamva okha zimene ananena.

Kochi wanzeru amene bambo ankamudikirayo sadzabwera.

Anazimitsa TV. Chipinda chinacheperako. Pakhonde panadutsa munthu akukoka ndodo ya matayala.

"Lamulungu ndi lalitali kuno, Polly," anatero. "M'nyumba muno theka amachemerera adani athu. Theka linalo sadziwa kuti lero ndi lachingati. Ine ndi Milan tinayamba kupita ku bwalo tili ndi makabudula. Tinkayala makatoni pansi kuti mapazi asaume. Munthu akaphonya mpira, ndimatembenuka kuti ndinene. Ndimanena kwa ndani?"

"Mayi nawonso ali ndi Lamulungu."

"Ali ndi ana."

"Ana ali kutali. Mmodzi ku Arizona, wina mumsewu. Tsiku la ukwati wawo likafika, mayi amagula maluwa. Amafika nawo kunyumba, n'kusowa powaika. Amathera pamwamba pa filiji."

A Rudy anayang'ana pansi.

"Sanandiuzepo."

"Mumayankha foni?"

Anaimirira movutikira, natola mbale. Ndinafuna kuwathandiza, anandikankha ndi chigongono. Anatsuka okha, nthawi yaitali, mbale ziwiri zokha. Kabokosi kanali pafupi ndi bondo langa. Sikolemera. Khomo linali pomwepo, makiyi a galimoto m'thumba. Nkhalamba ya ndodo sikanandipeza ngakhale pa masitepe oyamba. Ndinakayang'ana. Ndinasiya.

Anabwera ndi bulangeti ndi pilo.

"Mpando wanga umagona chagada ukakoka chitsulocho. Usakoke kwambiri, ungakutaye."

"Ndinyamuka m'mamawa, ankolo. Ndi bambo kapena popanda bambo. Sindilimbana nanu."

"Ndani wati tilimbane? Gona. Ukuoneka ngati Delahanty."

Analowa kuchipinda. Okalamba amagona msanga ngati nkhuku. Inenso sindinachedwe.

Chinandidzutsa ndi fungo la khofi. Kunja kunali kusanayere. A Rudy anali ataima pakati pa chipinda, atavala suti yakuda yomwe inawakulira m'mapewa, tayi yopotoka, jasi pamkono. Mpando winawo unali wopanda kanthu. Kabokosi kanali m'chikwama cha nsalu chogulira zinthu, pafupi ndi khomo.

"Dzuka, mlesi iwe. Msewu ukuterera, tiyenda pang'onopang'ono."

"Tiyenda?"

"Ukuganiza mkulu wanga ndimupereka kwa munthu woyendetsa ngati iwe? Ndinakuona ukuimika galimoto dzulo. Watenga malo a anthu awiri."

"Mayi akakumenyani."

"Akamenye. Ali ndi ufulu." Anandipatsa kapu. "Koma ukawauze bwinobwino. Sindinanene kuti mnyamatayo ndi wanzeru. Asakanene kwa wansembe kuti Rudy wavomereza. Sindinavomereze kanthu."

"Ndikawauza."

"Ndatopa basi. Kutopa si kuvomereza."

Tinatsika pa chikepe, chikwama chili m'manja mwawo. Sanandilole kuchigwira. Panja mphepo inkaluma makutu. Ndinapala chipale pagalasi, iwo ali chiimire, akundiuza pomwe ndasiya. Anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake.

Ndinaliza galimoto. Tinadutsa sitolo ya matayala, tinadutsa tchalitchi, tinafika pa mphambano. Getsi lofiira linatigwira ngakhale msewu unali wopanda munthu. Ndinaganiza kuti mwina akulira, ndipo sindinawayang'ane.

Anatsokomola.

"Komabe," anatero, "atamugulira anyamata awiri akuluakulu otchinga kutsogolo. Awiri okha. N'kumusiya zaka zitatu osamusokoneza."

"Ankolo."

"Ndangonena. Yendetsa, layaka lobiriwira."