Chala cha Atate Ake

Dailes anali atagona masabata atatu pansi pa bedi la mwana wake m'chipatala cha ku boma, moti msana unasiya n'kudandaula komwe. Mwanayo, Olipa, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anatupa tsaya mpaka mano kumagwedera. Kwawo ku Chiparamba ankati ndi dzino. Analizula, chotupa n'kumakulabe.

Dokotala wachizungu ankayenda ndi Abednego womasulira. Matendawo ankati khansa, ndipo ankawawerenga bedi ndi bedi: a chiwindi asanu, a pammero atatu, amayi a m'chiberekero mzere wonse, ana a nsagwada awiri. Olipa wachitatu.

"Akuti adule kanyama pang'ono, akakapime ku Lusaka," anatero Abednego. "Koma papepala lachilolezoli pafunika kudinda chala cha atate ake. Popanda chala, Lachisanu mutuluke, bedi lili ndi odikira."

"Atate ake ali ku migodi ya ku Wanki, chaka chachinayi chino, ngakhale kalata. Mwini mwana ndi malume ake, ali panjapo."

"Pepala silidziwa malume, mayi."

"Nanga ine amene ndinam'bala?"

"Likuti atate."

Malumewo, Paison, anapukusa mutu atamva. "Alongo, bola pepalalo landikana. Nyama ya mwana kupita ku Lusaka? Za amunyama, opopa anthu magazi aja, simunamve?"

"Ndinamva. Ndamvanso mwana akutsamwa ndi phala. Khalani apo."

M'mawa mwake Dailes anauyamba wapansi mpaka ku Chiparamba. Anakam'peza Luka, mng'ono wa mwamuna wake, akupalira. Sanam'patse ndi mpata wosamba. Lachinayi masana anamuimika pafupi ndi bedi, dothi likadali m'zikhadabo.

Dokotala anafunsa kuti ameneyu ndani.

"Olipa, awa ndani?" anatero Dailes.

"Atate," anayankha mwanayo, mawu akutulukira mbali imodzi ya kamwa.

Sananame. Mng'ono wa atate ndi atate, aliyense amadziwa, Abednegonso kwawo n'chimodzimodzi. Abednegoyo anayang'ana Luka, anayang'ana mapazi a Dailes ong'aluka ndi ulendo, kenako anamasulira liwu limodzi lomwelo m'Chingelezi, osawonjezera. Dokotala anatsegula kabokosi ka inki, Luka n'kudinda.

"Ndiye achira?" anafunsa Luka, akupukuta chala pakabudula.

"Yankho limabwera pakatha mwezi," anatero Abednego.

Dailes anakhala pansi, natambasula miyendo.

"Mwezi. Alamu, mukandipalirireko nsawa zija. Ine sindibwera msanga."